Kalavani ya Leszek Mumtsinje Wouma

Panali munthu wina kwathu kuno ku Poland, dzina lake Leszek, dalaivala wa mabasi wopuma pantchito. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso. Mkazi wa Leszek, Wanda, ankadwala mphumu, ndipo dokotala anawauza mosapsatira kuti akalola kuzizidwa, chifuwacho chidzamutenga. Choncho chaka chilichonse chipale chofewa chikangoyamba kugwa, ankamanga kalavani, kanyumba kawo kogonamo, kumbuyo kwa galimoto n'kulowera kumwera kwa Spain, kumsasa wina komwe okalamba anzawo amathawirako chisanu.

Lamulo la pamsasapo ndi lodziwika: wofika msanga ndiye amasankha malo. Leszek anali ndi malo ake apamtima, pansi pa mtengo wa mandimu. Chaka chimenecho anamva kuti Henryk, mnzake amene ankakangana naye pa makadi, wanyamuka kale. Bamboyo mutu unaima. Anayendetsa ngati akuthamangitsidwa, Germany anangomudutsa, France yense chipale chili waa, iye phazi osachotsa pamoto.

"Bambo, taimani pang'ono ndimweko tiyi, chifuwa chandigwira," anatero Wanda.

"Pirirani mayi, tiyi mukamwera pansi pa mandimu."

Anafika maso ali psuu, n'kupeza Henryk wakhazika kale kalavani yake pansi pa mtengo uja, akusenda mbatata.

"Mwachedwatu madala! Basi ija inakuferani panjira?" anaseka Henryk.

"Choka pamalo panga iwe."

"Pako? Unadzala ndiwe mtengowu? Malo ali mbwee kuseriko, kasankhe."

Malo analipodi, abwinobwino. Koma Leszek sakanatha kudzuka m'mawa uliwonse n'kumaona Henryk akuthyola mandimu. Anatembenuza galimoto, kutuluka pageti, n'kutsetserekera kumunsi kwa msasa komwe kunali chigwa chotakata cha timiyala tosalala, chouma gwa.

Mayi Pilar, mwini msasawo, anamutsatira akuthamanga. "Bambo, mmenemo ayi! Umenewo ndi mtsinje."

"Mtsinje? Madzi ake ali kuti? Kwathu mtsinje umadziwika ndi madzi."

"Mvula imagwa kumapiri uko, kuno dzuwa likuswa mtengo. Madziwo sagogoda pobwera."

Leszek anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo ake Henryk nayenso anatsika, nkhope ili ndwii. "Leszek, zocheza zija zatha. Bwera utenge malowo, ine ndisuntha. Ganizira mlamu wangayu."

"Ine sindidya zotsalira za munthu," anayankha Leszek. Anatsitsa miyendo ya kalavani, kukhoma zikhomo za tenti ya pakhomo, kumasula galimoto, basi wakhazikika. Wanda anangoti, "Bambo, mtima wanga sukugona pano." Mwamuna wake anamuuza kuti asiye mantha a chibwana.

Masiku anapita popanda kanthu, ndipo Leszek matama anakula. Ankakwera kumsasa kukasewera makadi n'kumafunsa anzake ngati awona ng'ona mumtsinje mwake.

Tsiku lina masana, kumapiri kunada bii. Pamsasa dzuwa linali phwee. Wanda anamva mkokomo chapatali, nasiya kuluka juzi n'kutchera khutu.

"Bambo, tamverani. Kuno kumadutsa sitima?"

Pamtunda panatulukira mayi Pilar, akukupiza manja. "Thawani! Siyani zonse, kwerani kuno!"

Nthawi inalipo. Ngakhale Wanda ndi kuyenda kwake kwapang'onopang'ono akanakwera mtundawo bwinobwino. Koma Leszek anayang'ana kalavani, n'kuyang'ana anthu amene anayamba kusonkhana pamtunda, Henryk ali pakati pawo. Akwere chimanjamanja anthu onsewa akuona?

"Lowani mkati mayi, ndiikoka pompano."

"Bambo, tiyeni tizipita, chonde!"

"Ndati lowani! Ndayendetsa mabasi moyo wanga wonse, sindingalephere kangolo aka."

Wanda analowa. Leszek anayamba kuzula zikhomo. Anakweza mwendo umodzi wa kalavani, wachiwiri unakana. Mkokomo uja unali utafika pakona. Anathamangira kugalimoto kuti aibweze m'mbuyo ailumikize, koma asanatsegule n'chitseko chomwe, madzi anatulukira: amatope, odzaza mabango ndi miyala, otalika kuposa munthu.

Madziwo anamuponyera Leszek pa chitsamba, iye n'kukakamira pomwepo. Anaona ndi maso ake kalavani ikutembenuka, ikukokoloka, n'kukatsamira pa thanthwe.

"Wanda! Wanda!"

Henryk ndi amene anadzimanga chingwe m'chiuno, anzake atagwira kumtunda, n'kutsika. Anaswa zenera ndi mwala. Anamupeza Wanda madzi ali m'khosi, madzi ochokera kumapiri a chipale, ozizira ngati a mufiriji. Anamutulutsa wamoyo, milomo itasanduka yakuda.

Kuchipatala anati ndi chibayo. Leszek anakhala pambali pa bedi osadya. Wanda atatsegula maso anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ulendo wonse uja timathawa kuzizira, bambo," anatero motsitsa mawu. "Inu n'kudzandiika m'madzi ozizira."

Sabata lisanathe, Wanda anamwalira.

Chisanu chotsatira palibe amene anaimika kalavani pansi pa mtengo wa mandimu. Henryk anaimba foni. "Leszek, malo ako aja takusungira. Bwera, mnzanga."

Leszek anafunsa, "Ndidzakhalepo ndi ndani?" Foni anadula.

Phunziro: Eni dera akakuuza kuti apa pamadutsa madzi, mvera, ngakhale pataoneka pouma chotani. Manyazi obwerera m'mbuyo amatha tsiku lomwelo, koma munthu amene wamutaya chifukwa cha matama sabweranso. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali ndi Leszek wawo pakhomo, auwerenge asananyamuke.