Chiluwe cha Amayi

Chithereni njuchi ndi timbalame toyamwa maluwa, khomo lililonse limabereketsa lokha maungu ake: kutapa mungu pa duwa lalimuna ndi nthenga ya nkhuku, kukapaka pa lalikazi. Mwandida, amene kuyunivesite ankafufuza za timbalameto mpaka tinatha akuona, analawirira kudimba. Maluwa aakazi atatu anali atamasula, koma lalimuna panalibe ndi limodzi lomwe.

Kunyumba anapeza mayi ake akuthira nsinjiro mumphika.

"Amayi, maluwa aja mwathothola ndinu?"

"Aamuna okhaokha, mwanawe, osabereka aja. Chiluwe timatero chiyambire kale. Ukanadyera chiyani?"

Mwandida anangoyang'ana nthenga ili m'manja. Ndiwo zinakoma ngati kale. Pofika masana, maluwa atatu aja anali atafota.