Tsaya la Rimas

"Ayi, amalume, lero sindikufuna kupsompsonedwa," anatero Rimas, manja ali kumbuyo.

A Fawzi anatsala milomo ili m'malere, ndipo alendo onse a chikondwerero cha Idi anasiya kutafuna makeke. A Nidal, bambo a mwanayo, anagwidwa ndi manyazi.

"Ndi phunziro lija boma la Illinois kuno ku America lidalamula m'masukulu, loti ana azidziteteza kwa ogwiririra. Lolemba ndikamchotsamo," anatero a Nidal.

Onse anacheukira agogo a Widad, mayi a Nidal. Iwo sanapondeko m'kalasi, koma machenjezo anali nawo osatha: woyendetsa basi usamusekerere, switi ya mlendo usalandire, pazenera usasuzumire. Phunziro lomwelo ankalikayikiranso.

"Tabwera kuno, kamakani iwe. Akukuuzani zotani kumeneko?"

"Akuti thupi ndi langa, ndikhoza kukana ngakhale wachibale. Wina akandigwira moipa ndikauze wamkulu amene ndimamudalira."

"Ndiye wasankha ndani? Aphunzitsi akowo?"

"Inuyo, agogo."

Agogo anaimba nthungululu mpaka mphaka anathawira kunsi kwa mpando. Anazungulira tebulo akuvina, mpango utapendekeka.

"Wamva, Nidal? Zaka zonsezi mumanditcha wamantha, lero boma landilemba ntchito. Ukamchotsa, m'kalasimo ndikakhalamo ine. Nanunso a Fawzi, bwezani milomoyo, ingazizidwe."

Atatero anatambasula manja kuti amukumbatire mdzukuluyo n'kumupsompsona masaya onse awiri monga mwa masiku onse. Rimas anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Agogo, mwapempha?"