Yofiira Sinabwere

Mayi amene ndinakhala nawo pabenchi ya pagalaja anali atafinya makiyi ngati akufuna kuwathyola. Kampani inali itaitanitsa galimoto zonse za mtundu wa yawoyo, ati zinatuluka kufakitale ndi mabuleki olakwika.

"Yanuyi takonza, mayi," anatero makaniko akupukuta manja. "Koma bambo anagula ziwiri. Yofiira sinabwere, ndipo foni sakuyankha. Imeneyo ikafika pamtsetse siima."

Mayiwo anandinong'oneza kuti kunyumba kwawo kunali imodzi yokha, yotuwa. Yofiirayo ankaiona m'mawa uliwonse, ikuyendetsedwa ndi kamtsikana kopaka milomo, kumbuyo kuli mwana wa mphumi ngati ya amuna awo.

"Mukawauza bambowo, eti?" anatero makaniko uja.

"Ine anandisankhira yotuwa," anatero mayiwo chapansipansi. Kenako anadzutsa mutu. "Achimwene, yofiirayo ikachedwako sabata imodzi, pali vuto?"