Mapazi a ku Cambodia

Uthenga unalowa pafoni Lachisanu pa 18 Epulo, Sabina atagwada kuseri kwa nyumba ku Milonde, akusambitsa mapazi otupa a mayi ake.

Unachokera kwa achimwene ake, Bambo Gabriel, ansembe amene anatumizidwa ku Thailand mu 2019. Mwezi watha anati sangabwere kudzaona mayi, tchuthi kulibe. Tsopano analemba kuti awolokera ku Cambodia masiku atatu okha. Pachithunzi chimene anatumiza anali atagwada pa Misa ya dzulo lake, akusambitsa mapazi a gogo wina wakumeneko.

"Ndi Gabiriyele?" anafunsa mayi. "Akubwera?"

Sabina anavundikira foni pamwala.

"Akuti akukupemphererani, amayi."

"Nanga ukundikhula mwamphamvu chonchi bwanji?"

"Pepani. Bweretsani phazi linalo, madzi akuzizira."