Mlonda wa pachipata

"Ameneyo ndiye ndani?" anafunsa a Vinsenti, akuloza TV ya m'golosale ya Faizal, momwe anyamata ankasewera gemu yochokera ku Joni.

"Mfumu yankhanza yamakedzana," anayankha Faizal. "Umaizembera mwakachetechete n'kuibaya. Gemu yonseyi ndi yosaka akuluakulu otchuka m'mbiri."

A Vinsenti anadziguguda pachifuwa. Nthawi ya chipani chimodzi, ndiwo ankaima pachipata cha msika kubweza aliyense wopanda khadi la chipani.

"Atapanga ya kuno ku Dedza, wosakidwa ndingakhale ine. Paboma pano anthu ankanjenjemera akandiona!"

Mayi Hadija, omwe kachewere wawo anaolerapo pachipata chomwecho, anatula botolo la parafini pakauntala n'kuloza pa TV paja.

"Faizal, nanga uyo wagwa pakhomoyo dzina lake ndani?"

"Alibe dzina, mayi. Ndi mlonda chabe. Alimo mbwee, nkhope imodzimodzi. Timangowakankha podutsa."

"Ohoo!" Mayiwo anawayang'ana a Vinsenti kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye musadandaule, bambo, anakuikanimo kale. Anangokusinthani chipewa."

A Vinsenti anatsokomola mwamphamvu, koma anyamata aja sanacheuke n'komwe. Anali kalikiliki kusaka mfumu.