Galimoto Yokatengera a Nagumo

Makaniko Kuwabara anaika dzanja pa kabowo kotulukira mphepo m'galimoto n'kulichotsa msanga. Eyakoni inkauzira mpweya wotentha ngati wa mu uvuni.

"Yayamba liti, mayi?"

"Sabata yatha," anayankha mayi Nagumo, atafungatira kabokosi koyera kochokera m'sitolo. "Galimotoyi ndi ya abambo akunyumba. Mawa ndikukawatenga, ndiye iwowo ndi kutentha samvana. Mungokonza zoziziritsazo basi. Zina zonse musagwire."

Kunena zoona, mayiwa anasankha tsiku loipa. Mawa lake galaja inali yoti itsekedwe chifukwa cha Obon, masiku amene aliyense amathamangira kwawo kukatenga mizimu ya makolo kumanda n'kubwera nayo kunyumba, ndipo tauni yonse ya Tatebayashi, kuno ku Japan, inakumbukira tsiku lomwelo kuti ili ndi magalimoto odwala. Dzuwa la Ogasiti linali likuswa mtengo. Kuwabara anali atabweza kale anthu atatu. Koma maso ake anagwera pa kakhadi kopanidwa pa chotchingira dzuwa, ka kuchipatala, wodi ya odwala mapapo, ndipo analephera kuwabweza mayiwo.

"Mubwere faifi koloko, mayi. Bambowo ayenda mozizira bwino."

Anayamba ndi zing'onozing'ono, monga amachitira munthu amene manja ake adakalambira pa injini. Fyuzi inali yamoyo. Lamba anali wokungika bwino. Analiza injini n'kutchera khutu kuti amve kompuresa ikugwira, koma kunali zii. Atalumikiza geji yoyezera gasi, singano yake inangogona pansi. Gasi munalibe.

Makaniko waulesi akanangothira wina n'kutsazika kasitomala. Kuwabara ankati gasi satha yekha, amachita kuthawa, ndipo kuthira usanapeze pothawira n'kutungira madzi m'dengu. Anapopera mpweya m'mapaipi, n'kumapaka thovu la sopo polumikizira paliponse, thukuta likumulowa m'maso. Pa paipi ya pansi thovu linayamba kutukumuka. Wolakwa anali kamphira kakang'ono ngati mphete ya mwana, kouma, kong'aluka. Anaika katsopano, anathira gasi, kompuresa inagwira. Pofika masana, mphepo inkatuluka yozizira mpaka kumva m'mano.

Koma fungo lake, abale inu. Fodya wa zaka makumi awiri anatuluka limodzi ndi mphepoyo, wokhathamira, wowawa, wokanirira pakhosi. Kuwabara anasolola sefa ya mpweya n'kuipeza yabii. Kambale ka phulusa kanali kodzaza ndi zotsalira za ndudu. Denga lam'kati, pamwamba pa mpando wa woyendetsa, linali litasanduka lachikasu.

Mtima unamuwawa. Bambo ake omubereka adapita ndi chifuwa chomwechi, ndipo iye ankakumbukirabe mmene ankafunirafunira mpweya m'masiku awo omaliza. Ndiye munthu atuluke m'chipatala ndi mapapo otheratu, adzalowe m'zimenezi?

Mawu a mayi aja sanawaiwale ayi. Kungoti amayi achikulire amatero onse, poopa kuvutitsa munthu. Ndipo kuno mmisiri wodzilemekeza amaonjezapo kenakake kamene sanapemphedwe, osalipiritsa, osadzitama, kuti mwini wake akangodabwa yekha kunyumba. Ndi mmene adamuphunzitsira, ndi mmene wachitira moyo wake wonse, ndipo palibe adabwerapo kudzadandaula.

Anaika sefa yatsopano. Anapopera mankhwala m'njira zonse za mphepo mpaka madzi akuda anatsika pansi pa galimoto. Anakhuthula kambale kaja n'kukatsuka, anapukuta denga, anachapa mipando. Mpunga wake wa masana unakhala m'kabokosi kake wosatsekula. Lole ya zinyalala itadutsa cha m'ma fili koloko, anaithamangira ndi thumba, msana ukumuwawa, n'kuponyamo sefa yakale ndi phulusa lonse. Atabwerera analowetsa mutu m'galimoto n'kukoka mpweya. Munalibe kanthu, ngati yangochoka kumene kufakitale.

Mayi Nagumo anafika nthawi isanakwane n'komwe. Kuwabara anavula chipewa n'kuima pambali, akubisa kumwetulira.

Mayiwo anakhala pa mpando wa woyendetsa, anaika kabokosi kawo pa mpando winawo, naliza injini. Mphepo yozizira inawagwedeza imvi. Anatsinzina n'kukoka mpweya. Anakokanso kachiwiri, pang'onopang'ono. Kenako anasolola kambale ka phulusa, kakuwala mbee, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo Kuwabara, fungo lija lapita kuti?"

"Ndachotsa, mayi. Musadandaule, zimenezo n'zaulere. Ndati bambo akamatuluka m'chipatala apume mpweya wabwino."

Sanakalipe. Anaweramitsa mutu monga mwa ulemu. "Zikomo. Mwavutika kwambiri."

Anatsekula kabokosi kaja ngati akufuna poika maso. Munali nyali ya pepala yoyera, ija imayatsidwa kamodzi kokha, pa Obon woyamba wa munthu amene wamwalira chaka chomwecho. Chipewa chinamupulumuka Kuwabara m'manja.

"M'chipatala adatulukamo mu Febuluwale," anatero mayiwo motsitsa. "Chiyambire, m'mawa uliwonse ndimakhala muno, ndiyatse mphepo, ndimveko fungo lawo. Nanga mawa ndikakatsekula chitseko kumandako, akadziwa bwanji kuti ndi galimoto yawo?"