Chinkhwe Abwereka Pakamwa

Padangokhala Chinkhwe, mbalame yobwereza mawu, amene anali mlonda wa pakhola la nkhuku. Nkhuku zinkamvera liwu lake osafunsa. Koma akakaniza mlendo, ankabwereza mokuwa zonse zimene mlendoyo wanena.

"Pano sipadutsa aliyense," ankadzitama.

"Ine ndidutsa, achimwene," anatero Kamba. Anasendera pakhomo n'kunong'ona kuti, "Tsegulani chitseko chakuseri."

Chinkhwe anakuwa, "Ndakana! Ati tsegulani chitseko chakuseri!"

Nkhuku zitamva "tsegulani" m'liwu la mlonda wazo, zinathamanga kukatsegula. Kamba anazungulira mosapupuluma, n'kukakhala phee pakati pa mazira.

"Ndikanakhala Likongwe, bwenzi muno muli zigoba zokhazokha," anatero Kamba. "Kundikana munandikanadi, koma munandibwereka pakamwa panu."

Onse anaseka, poti mazira anali amphumphu. Mpaka lero Chinkhwe amangoti "Ndakana," mawu a mlendo n'kumeza.